Thandizeni: mbalame ikangouluka, zithunzi zanga zikutuluka mbuu

Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikungowerenga osalankhula, lero ndati nanenso ndifunseko.

Ndili ndi kamera ya Canon 600D ndi lenzi ya 55-250mm. Mbalame ikatera pa nthambi palibe vuto, nthenga iliyonse imaoneka payokha, kadiso kachita kunyezimira. Koma ikangonyamuka, basi zanga zada. Dzulo ndinakhala m'mbali mwa madzi kuyambira 6 koloko mpaka dzuwa litakwera, akakowa akudutsa pafupi penipeni, koma palibe chithunzi ngakhale chimodzi choti ndingaonetse munthu. Zina mapiko angokhala ngati utsi. Zina, zomwe zikundiwawa kwambiri, mitengo ya kutsidya yaoneka bwinobwino koma mbalameyo ili mbuu. Kabawi amene ndinamujambula ali m'mwamba ndiye wangoda bii.

Ndimajambula pa Av (pomwe ndimasankha ndekha kukula kwa bowo la lenzi), f/5.6, ISO 200 chifukwa ndimaopa timadontho timene timabwera pa chithunzi ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikakwera, ndipo shutter speed (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) imabwera 1/400 kapena 1/500 ya sekondi. Fokasi ili pa One Shot, ma point onse 9 ogwirira fokasi ndinasiyira kamera kuti izisankha yokha. Kodi vuto ndi ine kapena kamerayi yakalamba? Ndisanayambe kusunga ndalama za ina, ndiuzeni zoona.

Woyankha woyamba:
Achimwene, kamera musainamizire. Mwatchula matenda atatu osiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake. Mapiko a utsi ndi shutter speed. 1/500 ndi ya mbalame yokhala pansi. Kakowa amakupiza pang'onopang'ono, ndiye 1/1000 mpaka 1/1600 imakwana. Nkhunda yambirani 1/2000. Namzeze akufuna 1/4000, pomwe kamera yanuyo imathera, ndipo iyeyu musiyeni kaye, angakudwalitseni mutu.

Mitengo kuoneka bwino mbalame ayi, imeneyo ndi fokasi. One Shot imagwira kamodzi n'kuima pomwepo, pamene mbalame yasuntha kale. Ikani AI Servo, yomwe imatsatira chinthu chikamayenda, a Nikon ndi Sony amati AF-C. Ndipo sankhani point ya pakati yokha. Pa 600D ndi yokhayo ili cross-type, imagwira msanga kuposa zinzake. Mukasiya zonse 9, kamera imathamangira chilichonse cha mizeremizere, ndiye mitengo yanu ija.

Woyankha wachiwiri:
Ndiwonjezereko za ISO, poti ndi pomwe pagona nkhani. Mantha anuwo ndi amene akukudyerani zithunzi. Kuchoka pa 1/500 kufika 1/2000 kuwala kumachepa kanayi, ndiye ISO 200 iyenera kukhala 800. Masamu ake ndi omwewo. Timadontho mukhoza kutichepetsa pa kompyuta, koma phiko lofufutika palibe pulogalamu ingalibweze. Ine m'mawa kwambiri ndimafika 1600 osaphethira.

Za kabawi wakuda: kamera ikaona thambo lowala imachepetsa kuwala, mbalame n'kusanduka mthunzi. Pitani pa Tv (pomwe mumasankha nokha shutter speed), ISO pa Auto, exposure compensation (yowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) muikweze +1, nthawi zina kupitirira. Koma samalani, kakowa woyera akamadutsa kutsogolo kwa mitengo yakuda zimatembenuka, pamenepo muzitsitsa, apo ayi nthenga zonse zipsa.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga IS ya pa lenzi ndizizimitsa? Ndinamvapo kuti imasokoneza.

Woyankha woyamba:
Pa 1/2000 siikuthandizani kanthu pa chithunzi chenichenicho. IS imaletsa kunjenjemera kwa manja anu, siimitsa mapiko. Ine ndimazimitsa.

Woyankha wachitatu:
Pamenepa bambo ndikutsutsani pang'ono. Pa kamera imeneyi 250mm imaona ngati 400mm, ndipo m'kadiso koyang'aniramo chilichonse chimavina. IS ikayaka chithunzi chimadekha, point ya pakati ija n'kukhazikika pa mbalame. Kwa munthu woyamba kumene chimenecho si chaching'ono. Ayese zonse ziwiri aone yekha.

Koma ine ndadabwa kuti palibe watchula poima. Mbalame imanyamuka ndi kutera moyang'ana kumene kukuchokera mphepo. Mukaima mphepo ikukuombani kumsana, dzuwanso lili kumsana, mbalame imabwera chakumaso kwanu, liwiro litachepa, kuwala kuli pankhope pake. Mukaima mosemphana mudzabwerako ndi michira yokhayokha. Ndinataya miyezi ndikusintha ma setting, osadziwa kuti ndimangoima mbali yolakwika. Komanso dzuwa likatentha, mpweya wa pamwamba pa madzi kapena mchenga umachita kuwirima, ndipo chakutali chilichonse chimatuluka chofewa ngakhale lenzi ikhale yodula bwanji. Nthawi imeneyo longedzani.

Woyankha wachinayi:
Mayi anena zoona. China: musadikire mbalame ifike pamphuno. Igwireni ikadali kutali, dinikizani batani theka, muitsatire potembenuza chiuno, zigongono zili pathupi. Fokasi ikathawira ku mitengo, chotsani chala n'kudinanso. Mukamaliza kuwombera musaime dzii, pitirizani kuitsatira. Kamera yanu imatola zithunzi zosakwana 4 pa sekondi, ndiye si yongopanikiza batani n'kudalira mwayi. Phunzirirani pa akhwangwala, sasowa ndipo sakuopani.

Mwini funso:
Ndabwerako abale. M'mawa uno ndaika Tv, 1/1600, AI Servo, point ya pakati, IS yoyaka, mphepo kumsana. Zambiri ndatayabe, makamaka mbalame ikamabwera molunjika kwa ine, apo fokasi ikutsalira ku mchira. Koma zodutsa chammbali ndapeza zisanu zoti diso likuoneka ngwee, chimodzi mpaka madontho a madzi akugwa kumapazi. ISO inafika 1250 ndipo sindinafe. Tsopano zobwera molunjikazi, ndikatseka lenzi kufika f/8 zingathandize, kapena pamenepa ndiye pothera mphamvu za kamerayi?