Matabuleti afika, koma kiyi asunge ndani?

Mlembi (Area 25): Moni nonse a kwathu. Katundu uja analonjeza achemwali athu a ku Leeds wafika dzulo, matabuleti 12, sola imodzi ndi batire. Panopa zili kwanga kuno. Eniake akuti zipite kusukulu kwathu zikathandize ma student teacher anayi amene abwera pa TP (kudzayeserera kuphunzitsa m'kalasi), aziphunzitsira ana a Std 1 ndi 2 kuwerenga. Tigwirizane tsiku lokapereka komanso tikasiye m'manja mwa ndani. Mwaulemu chonde.

NaBanda (Chimbiya): Ambuye awadalitse achemwaliwo 🙏

Jere wa ku Joni: Zabwino zedi. Koma apo mwati m'manja mwa ndanipo ndiye pali nkhani kkkk

A Phiri Opuma: Ndathokoza mwana wathu wa kunjayo, mtima wake ndi wabwino. Koma ndifunse kaye ngati munthu amene choko chandidya m'manja kuyambira 1994. Ine ndinalowa uphunzitsi nthawi ya a Muluzi sukulu yaulere itangoyamba, ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ife anangotiphunzitsa masabata ochepa n'kutiponya m'kalasi, satifiketi tinakaipezera pambuyo ku MIITEP, maphunziro a uphunzitsi ochita uli kale pantchito. Ndiye zinthu zobwera ndi alendo ndaziona zambiri. Mukukumbuka mawailesi opukusa aja a Tikwere? Pologalamu yake inali yabwino, ana amaimba nawo, koma patangopita zaka zochepa wailesi ya Std 2 ndinakaipeza pakhonde la munthu akumvera mpira wa Bullets ndi Wanderers. Sinditchula dzina, mwiniwake ali mu gulu muno.

Jere wa ku Joni: 😂😂 amalume ayamba

A Phiri Opuma: Sindinamalize. Ma student amenewa si athu, ndi odutsa. Maphunziro awo a uphunzitsi, a IPTE, ndi zaka ziwiri, gawo lina ku koleji gawo lina ku TP, TP ikatha amanyamula zikwama kubwerera. Ndiye akachoka matabuletiwo atsala ndi ndani? Aphunzitsi enieni a pasukulupo alipo amene wawafunsa? A head adziwa? A PEA, alangizi a masukulu a zoni yathu, ku ofesi yawo ya TDC adziwa? Kapena tingofika ndi galimoto n'kujambulitsa zithunzi za pa Facebook basi

Msungichuma: A head ndinayankhula nawo Lachiwiri, avomera.

A Phiri Opuma: Kuvomera sikuvuta mayi, ndani angakane mphatso.

Ngozo (Linthipe): Ine langa ndi limodzi. Tisanakambe za matabuleti atiuze kaye za simenti. Matumba 40 tinasonkha 2019 a nyumba ya aphunzitsi, nyumba mpaka lero ili pa windo, m'kati mwamera chisoso mbuzi zikugonamo. Ma student omwewo akugona kuti? Ndamva akuchita lendi kagolosale kakale ka pa msika, atsikana awiri chipinda chimodzi, kuzizira kwa Dedza kuno mu June.

Msungichuma: Achimwene a Ngozo nkhani imeneyi tinaikamba pa msonkhano wa Disembala inu simunabwere. Matumba 25 analowa pa faundeshoni ndi khoma, 9 anauma ndi chinyontho mu sitolo, otsalawo a Gulupu anapempha akonzere kamlatho ka ku dimba. Malisiti alipo.

Ngozo (Linthipe): Malisiti a simenti youma? Mxii

Jere wa ku Joni: Ine ndinatumiza pa Mukuru kawiri chaka chimenecho, mpaka lero ngakhale chithunzi cha thumba limodzi sindinachione

NaBanda (Chimbiya): Inu a ku Joni mumangotumiza ndalama n'kumalamula pa foni, njerwa timaumba ndife, madzi timatunga ndife. Bwerani mudzaponde dothi tsiku limodzi muone

Jere wa ku Joni: Achemwali ndalamazo sitimatola pansi kuno

Mlembi (Area 25): Abale tabwererani ku mutu. Ndamuika mu gulu muno mmodzi wa ma student, Madam Chisomo, afotokoze okha zimene akufuna kuchita.

Madam Chisomo (TP): Zikomo makolo athu, ndi ulemu kundilola kuyankhula. Ine ndili ku Std 2 pamodzi ndi mnzanga, awiri enawo ali ku Std 1. Vuto lalikulu ndi lakuti ana ndi ambiri, amakhala pansi mothinana moti kuti ufike kumbuyo umachita kulumpha miyendo, ndipo mabuku a Chichewa ndi ochepa, limodzi ana asanu kapena kuposa, wapakati yekha ndi amene amaona bwino, enawo amaona zilembo chozondoka. Pali ana ambiri amene ukaloza pa bolodi amaimba bwinobwino ba be bi bo bu, koma ukamutenga mmodzi payekha n'kumulozera "bu" osayambira pa "ba" amangokuyang'ana. Analoweza nyimbo, sakuwerenga. Ena b ndi d amasokoneza. Ndiye maganizo athu ndi oti tizijambula masamba a buku ndi kujambula mawu athu tikuwerenga pang'onopang'ono, ana 12 kapena 24 akakhala awiriawiri azitsatira ndi chala pa tabuleti kwa mphindi 20 ndi mmodzi wa ife, enawo akupitiriza ndi mphunzitsi wina pogwiritsa ntchito makadi a makatoni ndi zitsekerero za mabotolo, za TALULAR zija, zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka konkuno. Kenako kusinthana. Chinanso tikufuna tizijambulana vidiyo tikuphunzitsa, madzulo tizionera limodzi ndi a mentor athu n'kumauzana pomwe talakwitsa. Panopa timachita pa foni yanga koma memory imadzaza msanga.

NaBanda (Chimbiya): Eee zoona zimenezo, wanga wa Std 2 amaimba buku lonse atalitseka

Kamwendo (Blantyre): Funso madam, bundle azigula ndani? Komanso kwathu kuja netiweki ndi yokwera pa chulu, nthawi zina foni imangogwira Movitel ya ku Mozambique

Madam Chisomo (TP): Intaneti siyofunika tsiku lililonse bambo. Zinthu timatumizirana pa Bluetooth, mmodzi akakonza phunziro enafe timangokopera. Tili ndi gulu la WhatsApp ndi anzathu a TP a masukulu ena, mmodzi akapita ku boma Loweruka amakatsitsa zonse kamodzi.

A Phiri Opuma: Mwana wanga wayankhula bwino, ndipo zoti ana amaimba osawerenga ndi zoona, ndakhala ndikuwauza aphunzitsi zaka zonsezi. Koma tamvani. Boma lili kale ndi pologalamu ya matabuleti, BEFIT, inayamba 2023, ya Std 1 mpaka 4. Amenewo amabwera ndi maphunziro a Chichewa ndi masamu ali kale m'kati, opangidwa ndi bungwe la onebillion, mwana amavala mahedifoni, tabuleti imamuyankhula m'Chichewa, akalakwitsa imamubwezera. Amabwera ndi sola yake ndi kabati yotsekera, aphunzitsi amaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Athuwa achokera ku England, muli chiyani m'katimo? Si Chingerezi chokhachokha ndi magemu? Bwanji mphamvu zathu tisaike pokakumbutsa a PEA kuti sukulu yathu ilowe m'ndandanda, chipinda chotetezeka tikonzeretu. Ndipo mahedifoni alipo? Matabuleti 12 onse akuyankhula nthawi imodzi m'kalasi lopanda siling'i mvula ikugwa pa malata, mudzamva chiyani?

Mlembi (Area 25): Mahedifoni mulibe amalume, ndayang'ana m'katoni.

A Phiri Opuma: Mwaona. Walira mvula walira matope. Mahedifoni ndalama, mabagala pa windo la ofesi ndalama, mlonda ndalama, ndipo mlonda amene alipoyo makolo akulephera kumulipira mwezi ndi mwezi. Batire ikafa chaka chamawa mtengo wake simudzaukhulupirira, chigwetsereni kwacha ndi 44% Novembala 2023 chinthu chilichonse cha sola chinakwera.

Kamwendo (Blantyre): Ndiye tibweze ku Leeds amalume? Chilichonse inu ndi ayi

A Phiri Opuma: Sindinati tibweze. Ndati kiyi asunge ndani ndipo ma student akapita adzapitiriza ndani. Yankhani zimenezo.

Mai a Tadala: Asunge a Mother Group, sanasowetsepo kanthu chiyambire

Ngozo (Linthipe): Bola amenewo kusiyana ndi komiti ya simenti

Msungichuma: A Ngozo ngati mukunditcha wakuba nenani poyera tikakumane kwa a Gulupu. Ine udindowu sindilandirapo kanthu, mayunitsi ndimagula ndekha. Mawa lomwe ndikhoza kutula pansi buku mulitenge inuyo

NaBanda (Chimbiya): Mayi musatero, pepani. Achimwene a Ngozo inunso malata aja a tchalitchi munayendetsa inu tinakufunsani?

Ngozo (Linthipe): Za tchalitchi zisalowe muno, si onse a mpingo umodzi

Chikondi (Mzuzu): Ine ndingofunsa, chifukwa chiyani chilichonse chimathera ku sukulu yaikulu? Ana a kutsidya amaphunzira pa junior mpaka Std 4, dzinja mtsinje ukadzaza sawoloka n'komwe. Achemwali a ku Leeds amayi awo kwawo ndi kutsidya komweko. Tigawane 6 6

A Phiri Opuma: Kugawa ndiye kupha zonse. Sola ndi imodzi, muidula pakati? Ndipo kutsidya kulibe ma student, kulibe chitseko chokhoma, ofesi ya a head ndi chikwama chawo. Mwana wanga Chisomo, ndikufunse, a mentor akowo foni yawo ndi yotani? Amatha kutsegula tabuleti?

Madam Chisomo (TP): Ali ndi kafoni ka mabatani bambo, koma ndi amene amatiphunzitsa kugwira kalasi, akangoyambitsa kanyimbo ana onse amakhala chete, ife timakuwa mpaka mawu kutha. Anena okha kuti akufuna tiwaphunzitse. Tinapangana kuti Lachitatu lililonse ana akaweruka tizikhala nawo pamodzi ndi aphunzitsi a Std 1, ndipo zonse tajambula zidzatsala m'matabuletimo.

A Phiri Opuma: Lachitatu ndi tsiku la msika mwana wanga, sudzapeza munthu. Sankhani lina. Ndipo zimenezo zilembedwe, a head asayine, a komiti ya sukulu (SMC) asayine, manambala a matabuleti onse 12 alowe mu stock book ndi kope lina likhale ku gulu kuno. Popanda zimenezo ine dzina langa musaliikepo. Chinanso mavidiyo mukujambulawo muli nkhope za ana a eni, makolo auzidwe, tisadzaone mwana wa munthu akuzungulira pa TikTok chifukwa walephera kuwerenga.

Kamwendo (Blantyre): Apo pokha ndagwirizana nanu

Jere wa ku Joni: Mahedifoni ndigula ine 12, ndipatsira wa basi ya Lachisanu. Koma ndituma kwa madam mwachindunji osati ku komiti

Msungichuma: Chitani zimenezo, ndipumeko

Mlembi (Area 25): Ndiye tagwirizana chiyani abale? Ine Loweruka ndikupita ku Dedza ku ukwati, nditenge katunduyu kapena ayi? A Chair muli chete chiyambire m'mawa

Chikondi (Mzuzu): Za kutsidya sizinayankhidwe

Ngozo (Linthipe): Mayi msungichuma mwati malisiti alipo, ajambuleni muponye muno. Ndi kamlathoko munene kanadya matumba angati chifukwa ine ndadutsapo sabata yatha pali mitengo yokhayokha