Ndithandizeni: tsamba lowerengera la Firefox likuwathobwa m'maso bambo anga

Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya bambo anga. Timakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Bambo ali ndi zaka 74, ndipo asanapume anagwira ntchito yosanja zilembo ku Government Printer konkuno. Tsiku silingadutse asanawerenge. Nyuzipepala sitikwanitsanso kugula tsiku ndi tsiku, ndiye achimwene anawasiyira laputopu yawo yakale, ine n'kuwaikiramo Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti.

Mdzukulu wawo anawasonyeza kachizindikiro kooneka ngati pepala, kali kumapeto kwa malo olembamo adiresi. Akadina, malonda ndi makanema odziyamba okha zimachoka, n'kutsala nkhani yokha. Anakondwa kwambiri. Koma tsambalo ndi loyera mbee, ndipo usiku magetsi akazima kuwalako kumawathobwa mpaka misozi kulengeza. Dzulo ndinawapeza atagunditsa rula pagalasi la laputopu, akutsitsa pang'onopang'ono kuti mzere usawasokonekere. Mtima unandipweteka.

Chinanso, zilembo zake sakuzifuna. Akuti zilembo zowerengera nkhani yaitali ziyenera kukhala ndi timiyendo kunsi, monga zomwe ankasanja iwo kuntchito, osati zosalala ngati za pachikwangwani cha golosale. Kodi mtundu wa tsambali ungasinthike? Nanga zilembo ndi kutalika kwa mizere? Ndipo ndikasintha, zidzakhala choncho mpaka kalekale, kapena ndizikonzanso tsiku lililonse? Ine ndimachoka m'mawa kupita kumsika, ndikufuna aziwerenga okha osadikira munthu.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Achemwali, zonsezo zimatheka, ndipo si zovuta. Tsegulani nkhani, dinani kapepala kaja kapena batani la F9 ngati laputopu ili ndi Windows. Kumanzere muona timabatani tondondozana. Dinani pa Aa. Pa Font sankhani Serif, ndizo zilembo za timiyendo zomwe madalawo akufuna. Pomwepo pali pokulitsira zilembo. Kenako pali Content width, muchepetse kuti mizere ifupike, ndi Line spacing, muonjezere kuti mizere italikirane. Rula ija imafunika chifukwa mzere ukatalika, diso likafika kumapeto limasowa poyambira mzere wotsatira. Mukafupikitsa kuti pamzere pazikhala mawu 9 kapena 10, vutolo limachepa kwambiri. Za mtundu, dinani batani la Theme musankhe Sepia, tsamba limaoneka ngati pepala la buku lakale. Mukasankha kamodzi, Firefox imasunga, ngakhale muzimitse laputopu.

Mnyamata wa ku Chanco:
Ingoikani Dark (tsamba lakuda) basi mayi, usiku ndi yabwino ndipo izi za tsamba lowerengerali zimapulumutsanso bandulo.

Wokonza mafoni ku Chinamwali:
Achimwene a ku Chanco, pa bandulo ndikutsutsani. Tsamba limayamba latseguka lonse ndi zithunzi zake, kenako Firefox n'kuzula nkhani yokha. Ndiye data yambiri imakhala itapita kale. Chomwe mungapulumutse ndi makanema ndi malonda omwe akanapitiriza kubwera muli patsambalo. Za Dark, achinyamata mumaikonda, koma akuluakulu ena amadandaula kuti zilembo zoyera pamdima zimaoneka ngati zikusefukira. Asankhe okha madalawo. Komanso achemwali, onani ngati Firefox yanu ndi yatsopano. Kuyambira pa Firefox 129 ya mu 2024 anaonjezera Contrast ndi Gray, komanso Custom pomwe mumasankha nokha mtundu wa zilembo ndi wa tsamba. Anaikanso potalikitsira zilembo ndi mawu, pansi pa Advanced. Musaiwale kuchepetsa kuwala kwa laputopu yeniyeniyo, chifukwa Sepia payokha siikwana ngati galasi likuwala ngati nyali ya galimoto.

Mayi wina wa ku Sadzi:
Zonsezi ndi zabwino, koma muwatengerenso kuchipatala akawaone maso. Amayi anga ankadandaula kuthobwa chomwechi, kupita kukapimitsa anawapeza ndi ng'ala. Si kuti bambo anu ndi choncho, koma pa zaka 74 ndi bwino kudziwa.

Mwini funso:
Zikomo amayi, ndamva ndipo ndiwatengera. Achimwene a ku Chinamwali, nanga pafoni? Nthawi zina batire la laputopu likatha amabwereka foni yanga. Ndipo chifukwa chiyani masamba ena kapepala kaja sikaoneka?

Wokonza mafoni ku Chinamwali:
Pa Firefox ya Android kapepala kaja kaliponso. Mukadina, pitani pa timadontho titatu musankhe Customize Reader View. Zosankha ndi zochepa kusiyana ndi pa laputopu, koma Serif, kukula kwa zilembo ndi Sepia zilipo. Muzikonza padera, za pa laputopu musayembekezere kuti muzipeza pafoni. Kapepalako kamaoneka pokhapokha Firefox ikazindikira kuti patsambapo pali nkhani imodzi yaitali. Patsamba loyamba la nyuzipepala, pomwe pali mitu yokhayokha, sikabwera. Ayambe adina mutu wa nkhaniyo. Pa mafayilo a PDF ndi pa Facebook sikagwira ntchito.

Mwini funso:
Ndabwera kudzathokoza. Madzulo ano tinakhala limodzi pakhonde n'kuyesa zonse. Dark anaikana nthawi yomweyo. Sepia anati ikuyandikira koma yafiira pang'ono, ndiye tinalowa pa Custom mpaka tinapeza chikasu chofuwa chomwe anati ndi cha pepala lenileni. Pa kutalikirana kwa mizere tinachedwapo kwambiri, iwo akuti onjezera, bweza, onjezeranso pang'ono, ngati ali kuntchito kwawo kwakale. Ndalemba F9 pakapepala ndi kumata pafupi ndi batanilo. Panopa akuwerenga nkhani ya mitengo ya feteleza, rula aibweza m'chikwama cha mdzukulu wawo.