Chimagwetsa sitima kwambiri n'chiyani, dzuwa la Okutobala kapena mvula ya Januwale?

Wa Golosale ku Liwonde:

Moni nonse okonda za njanji. Kuno ku Liwonde mvula yakhala ikugwa kuyambira dzulo madzulo, ya mvumbi ija yopanda mabingu, ndipo Shire wafiira. Kagolosale kanga kali kufupi ndi njanji, choncho masitima a malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala ndimawaona ndili pa kauntala. Ndinazolowera kuwerenga mabogi, nthawi zambiri amapitirira 100, mitu yokoka ili ingapo.

Mmawa uno ndisanatsegule ndinakaima pamene msewu umadutsa njanji. Pamwamba pa njanji panali kadzimbiri kachikasu kaja kamene kamabwera chitsulo chikagona chonyowa. Kameneka sitima imodzi ikangodutsa kamachoka, njanji n'kuyambanso kuwala. Ndiye ndadziwa kuti usiku wonse sikunadutse kanthu, ndipo mpaka pano kuli zii. Makasitomala ayamba kale zoti yagwa kwinakwake, wina akuti ku Nkaya, wina akuti cha ku Nayuchi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene waona ndi maso.

Apa ndi pamene tatsutsana ndi alamu anga. Iwo akuti mvula singachite kanthu pa chitsulo, choopsa ndi dzuwa la Okutobala limene limapinda njanji. Ine ndikuti choopsa ndi madzi, chifukwa njanji zonse zimene ndikudziwa kuti zinafa m'dziko muno anazipha ndi madzi. Amene munagwirako ntchito imeneyi kapena mumaitsata bwino, tithandizeni. Komanso mvula ikagwa chonchi, amaimitsa dala masitima kapena kungoti zii ndiye kuti kwachitika ngozi?

Agogo a ku Balaka:

Mwana wanga, poyamba auzeni makasitomala anuwo adekhe. Kusadutsa kwa sitima si umboni woti yagwa. Mvula yaikulu ikagwa usiku, nzeru ndi yoti masitima ayambe aima, anthu ayende kaye m'njanji wapansi kapena pa kangolo koyendera njanji, aone milatho ndi makalavati, ndiye atsegule. Ine ndinakalambira pa ntchito yokonza njanji, ndipo mmawa wonga uwu tinkadzuka kusanache.

Alamu anu sakunama. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo njanji yokhala padzuwa imatentha kuposa mpweya ndi madigiri 15 kapena 20. Tsiku limene a zanyengo akulengeza 38 ku Balaka kuno, njanjiyo yapitirira 50, simungaigwire ndi dzanja. Njanji yotalika kilomita imodzi imawonjezera sentimita imodzi ndi pang'ono pa digiri iliyonse, ndiye kusiyana kwa madigiri 30 ndi masentimita opitirira 30 amene akufuna kopita. Njanji zakale tinkalumikiza ndi mabawuti, n'kusiya kampata pa mfundo iliyonse, n'chifukwa chake sitima inkamveka gada-gada, gada-gada. Mu Juni kampatako mumakaona bwinobwino, mu Okutobala masana katsekeka. Njanji zamakono amaziwotcherera kukhala chingwe chimodzi, mpata mulibe, ndiye mphamvu yonse ija imagwidwa ndi masilipa (mipiringidzo yopingasa imene njanji imagonapo), zitsulo zopanira njanji ndi miyala. Miyala ikachepa m'mbali, njanji imathawira pamenepo n'kupindika, kawirikawiri pa kona, ndipo nthawi zambiri imachita zimenezi sitima ili pamwamba pake chifukwa cha kugwedeza.

Koma mukandifunsa chimene chinkandisowetsa tulo, ndi madzi. Dzuwa limabwera pa nthawi yodziwika, kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, ndipo mukhoza kuuza madalaivala kuti achepetse liwiro maola amenewo. Madzi amagwira ntchito usiku, ndiponso pansi pamene simukuona. Kalavati ikatsekeka ndi mchenga, mapesi a chimanga ndi mapulasitiki, madzi amadikha mbali imodzi ya mtumbira wa njanji, n'kuyamba kudya dothi. Ndinaonapo malo amene mtumbira wonse unapita, njanji ziwiri zili lende m'malere, masilipa akulendewera kunsi kwake. Ukaima patali pang'ono umaona njanji yowongoka bwinobwino. Dalaivala usiku, nyali yake imamuonetsa zitsulo ziwiri zowala basi.

Pali chizindikiro china chimene inu owonera masitima mungachione msanga kuposa wina aliyense. Sitima ikamadutsa, yang'anani masilipa, osati mabogi. Mukaona silipa likutsika ndi kukwera wilo lililonse likaponda, matope otuwa akutumphuka m'mbali mwake ngati phala likuwira, pamenepo pansi pafewa ndipo miyala yasakanikirana ndi dothi. Kukauma pamatsala chigamba choyera pakati pa miyala yakuda. Malo otere sagwetsa sitima lero, koma amapendeketsa njanji pang'onopang'ono mpaka wilo limodzi lidzakwere pamwamba.

Za njanji zofa ndi madzi mwanena zoona. Mu 1997 madzi anadula mtumbira wa ku Chiromo, njira ya pakati pa Makhanga ndi Bangula n'kuthera pomwepo. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi kuno ku Balaka unapita, masitima opita ku Salima ndi Lilongwe n'kuima nthawi yaitali. Zimenezo sizinali za dzuwa ayi.

NaPhiri wa ku Luchenza:

Agogo mwafotokoza bwino, zikomo. Ine za madigiri sindizitsata, koma ndiwonjezere za kwathu kuno. Njanji yathuyi ndi yakale kuposa zonse, inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene masiku ano timati Nsanje, ndipo imatsika motsata Ruo. Amene munakwerapo sitima ya anthu yochokera ku Limbe kupita ku Makhanga mukudziwa mmene imakhotera ikadutsa Luchenza, phiri mbali iyi, phompho mbali inayo. Kumeneko mvula imagumula kuchokera pamwamba, dothi ndi miyala n'kukwirira njanji, kwinaku mtsinje ukudya kunsi.

Madzi osefukira a Januwale 2015 ataononga njanji, anthu a ku Sandama, Thekerani ndi Makhanga anavutika zedi. Amayi amene ankakweza nthochi ndi chinangwa m'sitima anayamba kulipira matola ndi njinga zamoto, phindu lonse n'kuthera pa msewu. Wodwala wofuna chipatala chachikulu naye chimodzimodzi. Ndiye mukamakamba za kugwa kwa sitima muzikumbuka kuti kwa ife kugwa kwa njanji kumapweteka zaka, ngakhale pasafe munthu.

Chinanso ndinene poyera ngakhale ena sakondwa nacho. Ifeyo timalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji, mizere kuloza kumtumbira, ndipo mitengo ya m'mapiri tinamaliza. Madzi amene kale ankatsika pang'onopang'ono tsopano amabwera nthawi imodzi ndi mchenga wonse wa m'munda. Kalavati imene agogo akunena imatsekedwa ndi dothi la minda yathu yomwe.

Lero kuno ndi chiperoni chokhachokha, Mulanje sakuoneka.

Mnyamata wa ku Glasgow:

Moni akuluakulu. Kuno kukuzizira ndipo kukuda 4 koloko isanakwane. Ndimakwera sitima popita ku ntchito, ndiye nkhaniyi ndimaitsata.

Zimene anena agogo za madzi zinachitikanso kuno ku Scotland. Pa 12 Ogasiti 2020, ku Carmont kufupi ndi Stonehaven, mvula yamphamvu inakokolola miyala ya m'ngalande n'kuiunjika pa njanji. Sitima ya anthu inagunda miyalayo, inachoka pa njanji pafupi ndi mlatho, ndipo anthu 3 anamwalira: dalaivala, kondakitala ndi wokwera mmodzi. Ofufuza anapeza kuti ngalandeyo sinamangidwe monga mmene inajambulidwira. Dziko la ndalama, makina ambirimbiri, koma chinapha anthu ndi njira ya madzi.

Dzuwa nalonso amaliopa. Mu Julayi 2022 kutentha kutafika madigiri 40 ku England, masitima ambiri anawachepetsa liwiro, ena kuwaimitsiratu. Malo ena amapaka njanji penti yoyera m'mbali kuti isatenthe kwambiri. Alamu anu a ku Liwonde auzeni kuti njanji yowotcherera amaikoka ndi kuimanga molingana ndi nyengo ya dziko lake, choncho kutentha kumene kungapinde njanji ya kuno kwa ya ku Malawi ndi tsiku wamba.

Vuto lachitatu ndi kuterera. Masamba akayoyoka mu Okutobala ndi Novembala, mawilo amawapondereza pa njanji yonyowa mpaka kupanga kautoto kakuda koterera kwambiri. Pa 31 Okutobala 2021 ku Salisbury, ku England, sitima inalephera kuima pa chizindikiro chofiira, mawilo akungoseseleka, n'kugundana ndi inzake. Ndifunse agogo, kodi kumudziko mvula imatereretsanso njanji?

Agogo a ku Balaka:

Imatereretsa, mdzukulu wanga, makamaka yowaza. Mvula yamphamvu imatsuka njanji, koma kamvula kochepa kosakanikirana ndi fumbi, kapena mame a mmawa, ndi kamene kamavuta. Chizimalupsa chikagwa pa njanji imene yasonkhanitsa fumbi chilimwe chonse, mutu wa sitima umazunguza mawilo pamalo amodzi pokwera mtunda. N'chifukwa chake mutu uliwonse umanyamula mchenga wouma, umene umathiridwa kutsogolo kwa wilo kudzera m'kapaipi. A ku Liwonde, mukadzayang'ana pamene sitima yolemera imanyamukira mudzaona timizere ta mchenga woperedwa m'mbali mwa njanji.

Wa Golosale ku Liwonde:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo. Nkhani ndi iyi: sitima yadutsa cha m'ma 1 koloko, yodzaza malasha, ikuyenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, hutala ikulira pafupipafupi. Madzi akuda amadontha kunsi kwa mabogi. Za kugwa zija panalibe.

Ndachita zimene munanena, ndayang'ana masilipa m'malo mwa mabogi. Pamene ndinaima palibe limene limasewera. Alamu anga ndawawerengera zonse, akuti za masentimita 30 zawakwanira, za Chiromo sanayankhe. Ine ndikadali pa madzi, ndipo mawu a mayi NaPhiri andikhudza, chifukwa ngalande ya kuseri kwa mashopu athu ndi yodzaza mabotolo ndi majumbo, ndipo imathera ku kalavati ya njanji. Ndakamba kale ndi anzanga awiri kuti mvula ikakata tikaifukule.

Funso lina agogo: munthu wamba ngati ine ndikapeza njanji yakokoloka, sitima ikubwera, ndichite chiyani?

Compadre wa ku Tete:

Agogo asanayankhe ndiponyepo kamodzi. Musaike zonse pa nyengo, abale. Ngozi yaikulu ya sitima kuno ku Mozambique inachitika pa 25 Meyi 2002 ku Tenga, kufupi ndi Maputo, ndipo anthu 192 anafa. Sitima inali ndi mabogi a anthu ndi a simenti, ndipo ili panjira anaigawa pawiri. Mabogi a anthu anawasiya pamtsetse atawatsekera ndi miyala, miyalayo inalephera, mabogi n'kutsetsereka kukawomba a simenti. Sikunali mvula kapena dzuwa, anali mabuleki ndi chiganizo cha munthu.

Kwinanso ndi kuba. Anthu amazula zitsulo zopanira njanji ndi mabawuti kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ena amatapa miyala kukamangira nyumba. Njanji yotere ndi imene dzuwa limaipeza yosavuta kupinda. Kuno Tete kumatentha kupitirira 40, koma masitima a malasha amanyamuka ndithu.

Agogo a ku Balaka:

A ku Tete anena zoona, ndipo nthawi zambiri zinthuzi zimakumana: wina wazula zopanira, miyala yachepa, kenaka dzuwa kapena mvula n'kudzamaliza.

Tsopano funso lanu a ku Liwonde. Choyamba, musaime pamene pawonongekapo n'kumakupiza manja, sizithandiza. Sitima yodzaza malasha imalemera matani masauzande ambiri, ndipo kuti iime imafuna mtunda wopitirira kilomita, pa njanji yonyowa kapena pamtsetse kuposa pamenepo. Thamangani kulowera kumene mukuganiza kuti ichokera, kutali mmene mungathere. Ngati muli awiri, wina apite uku wina uko, chifukwa njanji ndi imodzi ndipo sitima ikhoza kuchokera mbali iliyonse.

Imani pambali, kutali ndi njanji, osati pakati pake. Kupizani nsalu yofiira ngati ilipo, chitenje kapena malaya, ndipo ngati palibe kwezani manja onse awiri m'mwamba. Usiku gwedezani tochi mwamphamvu uku ndi uku. Dalaivala aliyense amadziwa kuti zimenezi zikutanthauza kuti aime. Muli m'njira imbani foni ku siteshoni yapafupi kapena kupolisi, ndipo potchula malo musangoti kufupi ndi mudzi wakuti, werengani nambala ya pa chikwangwani cha makilomita chimene chili m'mbali mwa njanji, ndi imene iwo amagwiritsa ntchito. Mawa mukapite ku siteshoni ya Liwonde mukapemphe nambala yoimbira pa ngozi, muilembe pakhoma la golosale yanu. Za ngalandeyo fukulani mbali ya mashopu, koma za m'kati mwa kalavati kauzeni a njanji abwere okha, musalowemo madzi akuyenda.