Nyimbo za malemu achimwene zili pa kompyuta ya pulojusa, titulutse kapena zikhale?

Wa_ku_Chibavi

Anzanga ndithandizeni nzeru, nkhani yavuta pakhomo. Achimwene anga akulu anatisiya chaka chatha, ena a muno mu Mzuzu mwina munawaonapo akuimba m'mabala kalelo, dzina sinditchula. Ndiye pali nyimbo zomwe anajambula pa studio ina ku Luwinga koma zambiri sizinathe, zina ndi vesi imodzi ndi kolasi basi, zina akungong'ung'udza poti mawu anali asanalembe. Pulojusa wake watipeza akuti tizimalize, aikemo biti ya amapiano, aitane mnyamata wina amene akumveka masiku ano adzaponye vesi yachiwiri kenako titulutse chimbale cha chikumbutso. Alamu akuti eya chifukwa fizi ya ana ikuvuta. Amayi akana kwamtuwagalu, akuti mwana wanga nyimbo zimenezo anazisiya yekha atayamba kupemphera ndipo pomwe amamwalira amangoimba za kwaya, inu mukufuna anthu azikamuvina ku bala ali kumanda? Ine ndili pakati ndipo aliyense akundiyang'ana ine. Kodi nyimbo yotuluka mwini wake atapita ingakhaledi imene iye amafuna, kapena tikhala tikungomudyera?

Rasi_wa_Zolozolo

Pepani aise ndi zovutazo. Koma ine ndikuti tulutsani, woimba saimbira kompyuta. Bob Marley anamwalira 1981, Buffalo Soldier inadzatuluka 1983 mu chimbale cha Confrontation, ndiye tangoganizani akubanja akanati iyayi zikhale mu kabati bwenzi lero tikuimba chani m'maminibasi a ku Ekwendeni? Kwathu konkuno Evison Matafale anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi atangotulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anyamata a ku Chileka a gulu lake la Black Missionaries (Ma Blacks) sanapinde manja, anapitiriza Kuimba 3 mpaka kutsogolo ndipo dzina lake silinafe. Uthenga ukangoperekedwa sukhalanso wa munthu mmodzi. Zakuti anayamba kupemphera, nanga Mulungu amene anamupatsa mawu a kwaya si yemweyo anamupatsa a rege?

FundiWaMixer

Rasi mwasakaniza zinthu ziwiri. Ma Blacks anapitiriza ndi pakamwa pawo, anaimirira okha pa siteji kumaimba. Apa nkhani ndi yotenga mawu a munthu amene sangathenso kukana nkumuveka biti yomwe sanaimvepo.

Ine ndimajambula nyimbo ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mkatimo. Woimba akabwera tsiku loyamba timayika kabiti kongogwirizira, iye nkuponya zomwe timati guide vocal, kungoti tione nyimbo ikulowera kuti. Mmenemo amaphonya kiyi, amatsokomola, pena amaseka pakati pa mzere nkumati man imeneyo mudzafufute ndidzabwerezanso mawa. Mawa lakelo ena safikako. Ndiye zimene achimwene anu akung'ung'udzazo si nyimbo ayi, ndi munthu akuganiza mokweza, ndipo palibe woimba amene ndikumudziwa amene angalole kuti guide yake imveke pa wailesi, ena amakwiya ngakhale ukangomumvetsa mnzake mu studio momwemo. Kuonjezera apo ngati anaimba pa liwiro la rege ndiye muziika pa amapiano, mawu aja tiyenera kuwakoka kapena kuwafinya pa kompyuta kuti agwirizane ndi biti, mpweya wake umasintha, pomwe amapumira pamachoka, mumva mawu ake inde koma kaimbidwe kakhala ka pulojusa.

Onani za Tupac. Anawomberedwa ku Las Vegas mu September 1996, chimbale cha Makaveli chinatuluka November chaka chomwecho koma chimenecho anali atajambula yekha ali moyo, palibe amene amachikaikira. Koma pofika 2004 Eminem anatenga mawu ake akale nkuwapangira mabiti atsopano, pena kuwafulumizitsa pena kuwachedwetsa, mpaka lero okonda Tupac amakanganabe ngati nyimbo zimenezo ndi zake. Za Michael Jackson ndiye zinaposa, anamwalira 2009, chimbale cha 2010 munali nyimbo zitatu zomwe abale ake ena anakana kuti mawuwo si ake, mpaka zinadzachotsedwa pa intaneti mu 2022. Amenewo ndi anthu a maloya ndi ndalama zawo, nanga ife a ku Luwinga?

Langizo langa: pitani ndi fulashi mukatenge mafailo onse osasakaniza, mukhale nawo akubanja. Muwafunse apulojusa akuonetseni deti ya failo iliyonse komanso ziti zinamalizidwa mix mwini wake alipo. Zomalizidwazo mutha kukambirana. Zinazo musazikhudze.

Mayi_a_Mapasa_Katawa

Abambo inu mukukamba za Tupac pomwe pali mayi wamasiye ndi ana apa. Achimwene a ku Chibavi, funso loyamba ndi lakuti nyimbozo ndi za ndani panopa. Si za pulojusa, ndipo si za inu nokha akuchimuna. Nyimbo ndi chuma chamasiye ngati nyumba kapena munda, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 lija limateteza mkazi ndi ana ngati malemu sanasiye wilo, makolo nawonso ali ndi gawo lawo ngati ankadalira malemuyo. Ndiye alamu anuwo mawu awo asaponderezedwe chifukwa choti apongozi akwiya. Ndaona zambiri ine, maliro akangotha mkazi amasanduka mlendo pa zinthu za mwamuna wake.

Koma amayi anunso musawaone ngati akungovuta. Iwo anaona mwana wawo akusiya moyo wina nkuyamba wina, mwina anagona maondo pansi zaka zambiri kupempherera zimenezo, ndiye mawa akudutsa pa msika wa Zigwagwa amve mawu a mwana wawo akutamanda mowa pa sipika ya wogulitsa mafoni, mtima wawo ukhala bwanji? Chimene sindikufuna ine ndi bodza lija loti "ndi zimene malemu akanafuna". Ngati mukutulutsa chifukwa cha fizi nenani kuti ndi chifukwa cha fizi, si tchimo, bambo aliyense amafuna ana ake aphunzire. Koma musamunamizire wakufa.

Kabaza_Boss

Kkkk wakufa samvera wailesi akulu. Koma ndalama yake iti imene mukulimbiranayo? Nyimbo ikatuluka m'mawa, masana ili kale pa WhatsApp, madzulo anyamata obena nyimbo pa depoti akuikira anthu mu memory card. Amene adyepo ndi pulojusa ndi kamnyamata ka vesi yachiwiriko, katchuka ndi maliro a eni. Ndipo ndi AI yabwerayi dikirani muone, wina adzatenga mawu a Soldier Lucius Banda amene anatisiya 2024 nkumuimbitsa nyimbo ya kampeni ya chipani chomwe sanachikondepo.

Wa_ku_Chibavi

Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Ndinapita ku studio kuja monga ananenera a Fundi. Zapezeka kuti nyimbo ziwiri zinathadi mpaka mix, achimwene analipira ndalama yonse, risiti yake ilipo mu buku la apulojusa, koma sanapite kukazitenga ndipo papita nthawi ndithu asanadwale. Imodzi ndi ya chikondi wamba yoimbira alamu omwewa, inayo ndiye ya kumowa zenizeni. Mafailo apulojusa akuti apereka koma akufuna tigwirizane kaye za magawo. Nkhani ya amapiano ndawauza aiwale.

Rasi_wa_Zolozolo

Ndiye basitu, munthu analipira yekha, umboni wina wotani? Mwina amadikira ndalama ya vidiyo, oimba ambiri muno nyimbo zimagona mu studio chifukwa cha thumba osati mtima.

FundiWaMixer

Mwina Rasi, koma ine zondichitikira ndi zakuti munthu amene wailipira nyimbo nkuikonda sagona, usiku womwewo amakuimbira kuti man nditumizireni ndimvere pa foni. Amene walipira nkusabweranso nthawi zambiri amakhala kuti wailipira kuti asakhale ndi ngongole basi, nyimboyo waitaya. Munthu ngati malemu Wambali Mkandawire, amene tinkamuona muno mu Mzuzu mpaka anatisiya mu January 2021, umachita kumva mu nyimbo zake kuti chilichonse chinaikidwa dala pamalo pake, ndiye woimba wotero chimene sanatulutse ndiye kuti anali ndi chifukwa. Achimwene anuwo sindinawadziwe, alamu ndi amene angadziwe ngati ya chikondiyo anawaimbirapo kunyumba.

Za magawozo musagwirizane pakamwa. Lembani pepala, asaine apulojusa, alamu ndi mboni, lionetse kuti wopeka ndi malemu ndipo pulojusa gawo lake ndi lakuti. Kenako mupite ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, mukafunse ngati malemu analembetsa ngati membala komanso analemba ndani kuti azilandira m'malo mwake, chifukwa umwini wa nyimbo sutha tsiku la maliro, umapitirira zaka 50 munthu atamwalira. Ndalama ya kumeneko siyambiri kwa woimba wosatchuka, a Kabaza sakunama, koma kangachepe kazipita kwa ana osati m'thumba la wina.

Mayi_a_Mapasa_Katawa

Ya kumowayo isiyeni, mudzawapatse ana akadzakula adzaone okha chochita nayo. Ya chikondiyo musanapite kulikonse kaikeni pa foni, mukhale pansi inu, alamu ndi amayi muimvere limodzi, osati pa gulu la WhatsApp la banja ayi chifukwa ikangolowa mmenemo yatuluka kale. Ndipo muwauziretu amayi kuti mukufuna kuwamvetsa chani, musangowadzidzimutsa ndi mawu a mwana wawo, BP simasewera.