Huawei yopanda Play Store, iPhone yakale kapena Tecno: mkangano wa makampaniwa ukutikhudza pati kuno ku Mzuzu?

NyaKatoto

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna foni yochitira bizinesi: WhatsApp, kutumiza zithunzi za katundu kwa makasitomala, app ya banki ndi kusaka mitengo pa intaneti. M'tauni muno andionetsa zitatu zomwe mitengo yake siyotalikirana. Yoyamba ndi Huawei Y6p yochokera ku Joni, yooneka bwino ndithu, koma ilibe Play Store, ndipo wogulitsa akuti "musadandaule mayi, tikuikirani pompano". Yachiwiri ndi iPhone yogwirapo kale ntchito. Yachitatu ndi Tecno yatsopano ya m'bokosi.

Foni ya Android ingakhale bwanji yopanda Play Store? Komanso laputopu ya mwana wanga, ukalemba chinthu chofuna kusaka imakutengera ku Bing, pomwe foni imakutengera ku Google. Amasankha zimenezi ndani?

Wamafoni_Chibavi

Achemwali, Huawei imeneyo isiyeni.

Android ili pawiri. Pali Android yeniyeniyo, yomwe Google inaisiya poyera kuti kampani iliyonse itenge n'kuika m'mafoni ake. Kenako pali katundu wa Google: Play Store, Gmail, YouTube, Maps, ndi china chomwe sichioneka pa sikirini, chotchedwa Google Play Services. Izi kampani singangozitenga; imasainirana kaye pangano ndi Google, foniyo n'kuyesedwa. Mu Meyi 2019 boma la America linaletsa makampani akwawo kuchita malonda ndi Huawei popanda chilolezo. Google ndi ya konko, choncho mafoni atsopano a Huawei, kuyambira pa Mate 30, anayamba kutuluka opanda katundu wa Google. P30 ili ndi Play Store chifukwa inatuluka chiletso chisanabwere. P40, nova 7i ndi Y6p yanuyo zilibe. M'malo mwake muli AppGallery, sitolo ya Huawei yomweyo. Honor ndi nkhani ina: Huawei inaigulitsa mu 2020, ndipo kuyambira pa Honor 50 Play Store inabwereramo.

Tsono "tikuikirani" uja amatanthauza kuika pulogalamu monga GBox, yomwe imanamiza Google kuti ikulankhula ndi foni ya mtundu wina. YouTube ndi Gmail zimatseguka, mumachoka pa shopu mukumwetulira. Mavuto amayamba pambuyo pake. Ma app ambiri amadalira Play Services kuti akudziwitseni za uthenga watsopano, ndiye mauthenga amachedwa kapena amangofika mukatsegula app. WhatsApp mukhoza kuitenga pa tsamba lawo n'kugwira ntchito, koma kusunga macheza anu ku Google Drive sikutheka. Foni ikatayika, maoda onse a makasitomala apita. Ma app ena a ndalama amayamba afunsa ngati foniyo ndi yovomerezeka ndi Google, ndipo akapeza kuti ayi amakana kutseguka.

Choopsa kwambiri n'chakuti munthu wopanda Play Store amazolowera kulandira ma APK, mafayilo oikira ma app, pa Xender kapena kuwatenga pa masamba achilendo. Fayilo yooneka ngati app ya banki ikhoza kukhala yosinthidwa kuti iziwerenga PIN ndi ma SMS anu. Musaikepo app ya ndalama yochokera kwa munthu, ngakhale mnzanu wapamtima. Ndi bwino kugwiritsa ntchito *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, zomwe zimagwira pa foni iliyonse, ngakhale kakang'ono ka mabatani.

Pa Android iliyonse yomwe mukugula, tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kali kumwamba kumanja, kenako Settings, About, muyang'ane pansi pomwe alemba Play Protect certification. Pakhale mawu akuti "Device is certified". Imbaninso *#06#, nambala ya IMEI (yozindikiritsa foniyo) yomwe yatuluka ifanane ndi ya pa bokosi.

Mphunzitsi_Luwinga

Achimwene a ku Chibavi anena zoona. Ine nditenge funso lachiwirilo, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Google imapeza ndalama zake zambiri pa zotsatsa malonda zomwe zimabwera pamodzi ndi zotsatira mukasaka chinthu. Inagula Android mu 2005, foni yoyamba n'kutuluka mu 2008, patangopita chaka iPhone itabwera. Cholinga sichinali kugulitsa Android, ayi. Chinali chakuti anthu akadzasiya kompyuta n'kuyamba kusakira pa foni, kabokosi kosakira kakhale ka Google. Makampaniwa akudziwa kuti anthufe sitisintha zomwe tazipeza kale m'chipangizo. Zili ngati wogulitsa yemwe walipira kuti benchi yake ikhale pakhomo penipeni pa msika wa Mataifa: a m'kati akhoza kukhala ndi katundu wabwino, koma ambiri amagula asanalowe.

Malo apakhomowo ndi okwera mtengo zedi. Pa mlandu womwe boma la America linasumira Google, zinadziwika kuti mu 2021 mokha kampaniyi inalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni, eni mabulawuza ndi makampani a netiweki kuti ikhale yoyamba kuoneka. Apple yokha inalandira pafupifupi madola 20 biliyoni mu 2022 chifukwa cha Safari, bulawuza ya pa iPhone. Taonani: iPhone ndi Android zimalimbana pa msika, koma kumbali eni ake amagawana ndalama. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti Google inaphwanya lamulo potsekereza anzake pa malonda osakira. Ku Ulaya anayamba kale: mu Julayi 2018 anailipitsa mayuro 4.34 biliyoni chifukwa chokakamiza opanga mafoni kuika Google Search ndi Chrome ngati akufuna Play Store. Kuyambira mu 2020, munthu wa ku Ulaya akayatsa Android yatsopano amafunsidwa kuti asankhe chosakira chomwe akufuna. Ife kuno sitifunsidwa, ndipo zimandikhudza kuti chitetezo chotere chimathera m'malire a amene ali ndi mphamvu zolipitsa chindapusa.

Microsoft ikuchita zomwezo pa laputopu. Windows ndi yawo, ndiye amaikamo bulawuza yawo ya Edge, ndipo Edge imasakira pa Bing, yomwe anaiyambitsa mu 2009. Si kachilombo, mwana wanu sanaononge kanthu. Kuti musinthe, tsegulani Edge, Settings, Privacy, search, and services, mupeze Address bar and search, musankhe Google kapena china. Ngati mwaika Chrome kapena Firefox, pitani ku Settings ya Windows, Apps, Default apps. Kabokosi kosakira ka pafupi ndi Start kokha kazipitabe ku Bing. Pa foni, mu Chrome, dinani timadontho titatu, Settings, Search engine. Mupeza Bing, DuckDuckGo ndi zina.

Kodi n'koyenera kusintha? Pa zinthu za kuno, monga kupeza shopu ku Katoto kapena msewu wopita ku Nkhata Bay, ndimaona kuti Google ikadali patsogolo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo Chitumbuka chinalowamo mu 2024. Koma munthu adziwe kuti ali ndi ufulu wosankha.

Za laputopuyo, onaninso kuti ili ndi Windows iti. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri ogwirapo kale ntchito omwe amabwera kuno sakwanitsa zimenezi.

Dada_wa_Zolozolo

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu koma osati ponse. Ndalama zogulira malo apakhomo si zokhazo zomwe zimapambanitsa. Microsoft inali ndi ndalama zochuluka. Inagwirizana ndi Nokia mu 2011, n'kugula gawo lake la mafoni mu 2014 pa mayuro oposa 5 biliyoni. Ma Lumia, mafoni a Nokia oyendera Windows Phone ya Microsoft, anali olimba, a kamera yabwino. Chinawapha ndi kusowa kwa ma app. Olemba mapulogalamu sankafuna kuvutikira anthu ochepa, anthu nawo sankafuna foni yopanda mapulogalamu. Google siinapereke Maps ndi Gmail zake ku Windows Phone, ndipo WhatsApp inasiya kugwira pa mafoniwa pa 31 Disembala 2019. Huawei kunja kwa China ikukumana ndi khoma lomwelo. N'chifukwa chake, mayi, funso loyamba pogula foni lisakhale la kamera, likhale lakuti ma app omwe ndimadalira agwira mpaka liti.

Tsopano iPhone. Apple imapanga foni, iOS ndi App Store yokha, ndipo imathandiza mafoni ake zaka zambiri. Koma yogwirapo kale ntchito ili ndi misampha, ndipo zonsezi muzichite wogulitsa ali pompo, ndalama zili m'thumba mwanu.

Tsegulani Settings. Pamwamba pakakhala dzina la munthu, mwini wake atulukemo pamaso panu ndi kuzimitsa Find My. Akanena kuti waiwala pasiwedi, bwezani foniyo. Kuyambira iOS 7 ya mu 2013 pali Activation Lock: foni ikafufutidwa imafuna Apple ID ya mwini wake wakale, ndipo palibe wokonza mafoni angachotse zimenezi mwachilungamo. Zomwe amati "bypass" nthawi zambiri zimasiya foni yosagwira SIM, kapena imadzitsekanso mukangoika update. Njira yotsimikiza ndi kuifufuta yonse pa General, Transfer or Reset iPhone, Erase All Content and Settings, n'kuiyatsanso pa Wi-Fi mpaka ifike pa sikirini yoyamba osafunsa akaunti ya wina.

Pa General, About, pali Carrier Lock. Palembedwe "No SIM restrictions". Pomwepo, ngati anasinthapo sikirini kapena batire ndi zosakhala za Apple, mafoni atsopanoko amalemba "Unknown Part". Pa Battery, Battery Health, ikakhala pansi pa 80% dziwani kuti kugula batire kuli pafupi, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno imeneyo si nkhani yaing'ono. Ma iPhone 14 kupita m'tsogolo ogulitsidwa ku America alibe polowetsa SIM, amagwiritsa eSIM yokha, SIM yopanda khadi yomwe ili m'kati mwa foni, choncho yang'anani m'mbali mwa foni.

Ganiziraninso za makasitomala anu. iPhone situmiza zithunzi pa Bluetooth kupita ku Android, ilibe polowetsa memori khadi, ndipo iCloud yaulere ndi 5GB pomwe Google imapereka 15GB. Zisanafike pa iPhone 15 chaja chake ndi Lightning, simungabwereke kwa mnzanu wa Tecno. Apple inasamukira ku USB-C mu 2023 lamulo la ku Ulaya litaikakamiza. Zambiri mwa izi n'zadala, kuti amene walowa kwa Apple avutike kutuluka.

NyaKatoto

Zikomo kwambiri nonse, Huawei ndaisiya. Koma Tecno ndamva kuti imadzaza ndi zotsatsa malonda ndipo imayamba kuchedwa pakangopita miyezi. Ndi zoona?

Wamafoni_Chibavi

Mbali ina ndi zoona, achemwali. Tecno, itel ndi Infinix zonse ndi za kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, yomwe imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa ina iliyonse. Inapambana chifukwa inayang'ana zomwe ife timafuna: SIM ziwiri kuti Airtel ndi TNM zikhale m'foni imodzi, batire ya 5000 mAh, kamera yojambula bwino khungu lakuda, ndi mtengo wofikirika. Phindu pa foni imodzi ndi lochepa, ndiye ndalama ina amaipeza poikiratu ma app ndi zotsatsa. Apanso ndi nkhani ya malo apakhomo ija anena aphunzitsi.

Tsiku loyamba chitani izi. Ma app omwe simukuwafuna, dinikizani chala pa chizindikiro chake, App info, kenako Uninstall, kapena Disable ngati akukana kuchoka. Omwe akana zonse ziwiri, azimitsireni Notifications pomwepo. Pa Settings, Apps, Default apps, ikani Chrome kapena bulawuza yomwe mumaikhulupirira. Ma app muzitenga pa Play Store, osati pa Palm Store, sitolo ya ma app yomwe imabwera m'mafoniwa. Mu Play Store, pa Network preferences, ikani kuti ma update azichitika pa Wi-Fi pokha, apo ayi bandulo yanu izitha usiku muli mtulo.

Kuchedwa kumachokera ku RAM, memori yomwe foni imagwiritsa ntchito poyendetsa ma app, ndi malo osungira. Bokosi likalembedwa "8GB (4+4)", RAM yeniyeni ndi 4GB; inayo ndi malo osungira omwe abwerekedwa, ndipo ndi ochedwa kwambiri. Pa bizinesi musatsike pansi pa 4GB yeniyeni ndi 128GB yosungira. Ya 64GB imadzaza msanga ndi zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, ndipo malo akatsala ochepa foni yonse imayamba kukakamira. Mukaona "Go edition", imeneyo ndi Android yopepuka ya mafoni a RAM yochepa. Ndi yabwino poimba ndi kutumiza mauthenga, osati potsegula ma app ambiri nthawi imodzi.

Pomwe mafoni otchipa amagonja ndi pa ma update. Samsung inalonjeza zaka 7 pa Galaxy S24 ndi zaka 6 pa Galaxy A16, Google nayo zaka 7 pa Pixel 8. Otchipa ambiri safika pamenepo. Pa About phone onani Android version ndi tsiku la Android security update; yatsopano ya m'bokosi yomwe tsiku lake ndi la zaka ziwiri zapitazo yakhalitsa pa shelefu. Ngati ndalama ikulola, yerekezani Tecnoyo ndi Samsung ya mtundu wa A musanalipire.

Chomaliza, akaunti ya Gmail mutsegule nokha, ndi nambala yanu, osati wogulitsa akutsegulireni ndi yake. Android nayo ili ndi loko wake wotchedwa FRP: foni ikafufutidwa mokakamiza imafuna akaunti yomwe inalimo kale. Lembani imelo ndi pasiwedi m'kope lomwe mumasunga kunyumba, pamodzi ndi IMEI ndi lisiti ya shopu. Kenako mu WhatsApp pitani ku Settings, Chats, Chat backup, musankhe akauntiyo, ndipo pa Account muyatse Two-step verification ndi PIN ya manambala 6.