Za ulendo wa pandege kuchoka ku Nsanje kupita ku Chileka

Paja ndinafunsa kuti ndege ingatenge nthawi yaitali bwanji kuchoka ku Nsanje kukafika ku Blantyre, poti agogo athu minibasi imawathyola msana. Zikomo nonse amene munayankha. Nazi zomwe ndapeza.

Choyamba n'chakuti palibe ndege yonyamula anthu imene imabwera kuno kuchigwa pa ndondomeko yake. Mabwalo ang'onoang'ono alipo, monga la ku Nchalo kuminda ya nzimbe, koma pamatera tindege tochita kubwereka, ndipo mtengo wake si wa ife olima mapira ndi thonje.

Mtunda wake mlengalenga, kuchoka pa boma la Nsanje kukafika pa bwalo la Chileka, ndi makilomita pafupifupi 140. Kandege kothamanga makilomita 200 pa ola kangafike pasanathe ola limodzi, mwina mphindi 45. Pamsewu wa M1 ulendowu umatalika kufika makilomita pafupifupi 180, chifukwa umadzera ku Bangula, Ngabu ndi Nchalo, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako kukwera zitunda zokhotakhota zija kuchokera pa Thabwa. Apo ndiye minibasi imalira, kondakitala akungoti tifika bwana, mbuzi ili phee pansi pa mpando.

Achimwene amene munatchula helikopita za pa madzi osefukira a 2015, zija zinali zopulumutsa anthu ndi kunyamula chakudya, osati zokwera ndi tikiti.

Ndiye tagwirizana kubwereka galimoto, tidzanyamuke mbandakucha dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha. Agogo adzakhala kutsogolo.