Kusonkha ndalama ya chakudya pa bwato la matanga: chilungamo chake n'chiti?

Mpoto wafunsa:

Moni nonse. Pali mwayi wolowa m'bwato la matanga lochoka ku Cape Town kupita ku chilumba cha St Helena mu Januwale, ngati wothandiza wosalipidwa. Tidzakhala anthu anayi: mwini bwato, amenenso ndi kaputeni, akazi ake, ine ndi mnyamata wina. Eni akewo angonena kuti "tidzagawana zolipira," osatchula kuti ndi ziti kapena zingati. Kodi mwambo wake umati wothandiza alipire chiyani? Chakudya chokha, kapena dizilo ndi ndalama ya padoko yomwe? Mowa sindimwa, nkhumba sindidya. Ndisonkhebe mofanana ndi anzangawo? Nanga nkhani ya ndalama ndiiyambe bwanji osaoneka wovuta tisananyamuke n'komwe?

Nangula wayankha:

Achimwene, musachite manyazi. Kaputeni wodziwa ntchito amayembekezera funso limeneli, ndipo amene akwiye nalo ndi wofunika kumukayikira. Choyamba dziwani kuti ulendo wanu ndi wamtundu wanji, chifukwa makonzedwe ake samafanana.

Ngati bwato likungosamutsidwa kuti likafike kwa mwini wake kapena kwa woligula, ndipo kaputeni akulipidwa pa ntchitoyo, wothandiza salipira chakudya. Amadya za mwini bwato, chifukwa thukuta lakelo likupindulira munthu wina. Ngati mwini wake ali pa ulendo wake wokasangalala ndipo akufuna anthu omuthandiza kulondera usiku, apo ndiye pamasonkhedwa. Zanuzi zikuoneka kuti ndi zimenezi. Palinso mabwato ogulitsa malo, amene amakuuzani mtengo wa pa tsiku ngati hotela. Imeneyo ndi bizinesi, si kugawana.

Pa ulendo wosonkherana, muyeso wake ndi uwu: mumagawana zimene zikutha chifukwa cha ulendowo, osati zimene zidzatsale ndi bwato. Chakudya, madzi ogula, gasi wophikira, sopo wotsukira mbale ndi mapepala a kuchimbudzi zimalowa m'thumba la onse. Mabwato ambiri amaikamonso dizilo ndi ndalama yoimikira bwato m'madoko a m'njira. Zosalowamo ndi inshuwalansi ya bwato, penti ya pansi, kusoka thanga long'ambika, zingwe, mabatire, ma filter a injini ndi kuwunikitsa bwato lopulumukira. Chingwe chikaduka inu muli pa chiwongolero, si ngongole yanu. Zinthu zimatha panyanja, ndipo mwini bwato amadziwa zimenezo.

Malirewa si a ulemu wokha, alinso m'malamulo. Ku Britain lamulo limati bwato limawerengedwa kuti n'losangalalira ngati mwini wake sakulandira ndalama ina kupatula yothandizira zolipira zenizeni za ulendowo. Ku South Africa nako bungwe la SAMSA, loyang'anira chitetezo cha panyanja, limasiyanitsa mabwato osangalalira ndi amalonda. Mwini bwato akamatolera ndalama yoposa imene yagwiritsidwa ntchito, bwatolo lasanduka matola, ndipo kukachitika ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Ndiye akakuuzani kuti "mudzipereka mwakuti pa tsiku," funsani kuti ndalamayo ikuphimba chiyani, komanso ngati yotsala idzabwezedwe.

Mutu uliwonse ndi gawo limodzi. Mwini bwato ndi akazi ake ndi anthu awiri, ndiye pa magawo anayi iwo alipira awiri. Chinyengo chofala n'chowerengera banja ngati munthu mmodzi n'kugawa patatu, kapena kunena kuti "ife tapereka bwato, inu mugule chakudya chonse." Chachiwirichi ena amachivomera, koma chinenedwe poyera pachiyambi, osati chidziwikire pa till.

Mayambidwe ake ndi osavuta. Tumizani uthenga wa pa WhatsApp: "Kuti ndikonzekere bwino, mungandiuze zimene zikulowa m'thumba la onse ndi chiyerekezo cha ndalama yake?" Yankho lolembedwalo ndiye pangano lanu. Lisungeni.

Mthiko wayankha:

A Nangula alongosola za malire, ine ndinene za thumbalo ndi kagulidwe, chifukwa mkangano wambiri umayambira mu shopu.

Kuchoka ku Cape Town kufika ku Jamestown, likulu la St Helena, ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 1,700. Bwato lapakati limayenda mamailosi 120 mpaka 150 pa tsiku, ndiye ndi ulendo wa masiku 11 mpaka 15. Koma musagule chakudya cha masiku 15 okha. Gulani cha masiku osachepera 20, chifukwa mphepo ikhoza kuleka kapena china chake n'kuthyoka. Chakudya chapaderacho chikhale cha m'zitini ndi chouma, ndipo chimalipiridwa ndi onse ngakhale chisadyedwe.

Madzi akumwa ndi ophikira werengerani malita atatu pa munthu pa tsiku. Anthu anayi kwa masiku 20 ndi malita 240. Ngakhale bwato litakhala ndi makina osefa madzi a m'nyanja, ena mwa madziwa akhale m'mabotolo a malita asanu, popeza makinawo amafa ndipo thanki ikhoza kudontha kapena kulowa mchere. Mpunga ndi magalamu 80 mpaka 100 pa munthu pa chakudya chimodzi, pasta magalamu 100. Mazira werengerani limodzi pa munthu pa tsiku, ndipo muziwatembenuza pakapita masiku awiri kapena atatu. Anyezi, kabichi, butternut, malalanje ndi mandimu zimapirira ulendo wonse. Nthochi zimapsa zonse tsiku limodzi n'kufulumizitsa zipatso zina, ndiye gulani zochepa ndipo zikhale pazokha. Anyezi asagone malo amodzi ndi mbatatesi, zimaolerana. Makatoni atsale padoko chifukwa amabisa mazira a mphemvu, ndipo pa chitini chilichonse lembani ndi marker zimene zili m'katimo, chifukwa chinyezi chimamatula mapepala.

Thumba lisungidwe ndi munthu mmodzi, makamaka amene si mwini bwato. Aliyense aike ndalama yofanana musanapite kogula, malisiti alowe mu envulopu imodzi, ndipo zonse zilembedwe m'kope tsiku lomwelo. Splitwise, pulogalamu ya pa foni yowerengera zogawana, ndi yabwino kumtunda, koma foni imanyowa ndi kutha moto, ndiye kope likhalepo ndithu. Kogula muzipita awiri kapena kuposa, ndi mndandanda umene onse auona. Akapita mmodzi, wina adzadandaula kuti ndalama yake yathera tchizi chodula chimene iye sadya. Mu shopu gwiritsani ntchito matrole awiri, ina ya za onse, ina ya zapayekha, ndipo zilipiridwe padera.

Za nkhumba, neneni tsopano. M'bwato poto amakhala mmodzi, gasi ndi wowerengeka, palibe amene angaphike kawiri bwato likupendekeka. Njira yabwino n'kugwirizana kuti nyama ya mphika wa onse ikhale ya nkhuku, ng'ombe ndi nsomba, ndipo ofuna bacon adzigulire okha n'kukazinga m'chiwaya chapadera pomaliza. Mukatero musonkhe gawo lathunthu. Kupempha kuti akuchotsereni chifukwa simudya chakuti kumatsegula khomo loti wina anene kuti iye samwa mkaka, wina sadya mazira, ndipo masamu ake sathekanso. N'chimodzimodzi ndi mseru wa mafunde. Masiku awiri kapena atatu oyamba kuchoka ku Cape Town nyanja imakonda kuwinduka ndipo kumazizira, ambiri sadya. Wosadyayo salandira chenje. Chofunika n'kuphikiratu chakudya cha masiku amenewo muli padoko, ndi kugula ma rusks, mabisiketi a jinja ndi supu wa m'mapaketi pa ndalama ya onse. Mapiritsi a mseru monga Stugeron aliyense agule ake.

Ngati simugona osadya nsima, tengani ufa, koma muuthire m'mabotolo apulasitiki otseka bwino kuopa chinyezi ndi anankafumbwe. Mukamadya nokha ndi wanu, mukamaphikira onse ulowe m'thumba. Phikani pa tsiku la bata, m'poto wakuya womangidwa ndi zogwirira za pa chitofu, mutavala buluku la mvula ndi nsapato. Phala lobwata likakuthirikirani pamwendo pakati pa Atlantic, chipatala chili kutali masiku ambiri. Nyemba zouma zimadya gasi kwambiri pokhapokha pali pressure cooker, apo ayi gulani za m'zitini.

Mwera wayankha:

Pa dizilo sindikugwirizana kwenikweni ndi a Nangula. Inde mabwato ambiri amagawana, koma kagawidwe kake n'komwe kamapweteka wothandiza. Mwini bwato amadzaza thanki ndi zigubu ku Cape Town, malita mazana angapo, n'kugawa bilu panayi. Komatu njira ya ku St Helena mphepo imakhala kumbuyo nthawi yambiri, injini imangolizidwa potchaja mabatire, ndipo mukafika dizilo wambiri amakhala akadali m'bwato. Inu mwatsika, iye wapitirira naye ku Brazil. Chilungamo n'chakuti adzaze ndi ndalama yake, mulembe maola a injini ponyamuka ndi pofika, kenako mugawane amene wapsa yekha. Injini yaing'ono ya bwato imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, masamu ake ndi achidule. Ndalama ya padoko nayo iwerengedwe kuyambira tsiku limene mwayamba kugona m'bwato, osati miyezi imene lakhala likukonzedwa.

Zitini zotsala n'chimodzimodzi. Zikatsala zochepa, zisiyeni, kuwerengerana zitini zitatu za nandolo n'kuchepa mtima. Koma ngati mwini wake wagula za miyezi iwiri chifukwa ku St Helena zinthu zambiri zimabwera pa sitima ndipo zimadula kuposa ku Cape Town, gawo lopitiriralo likhale pa lisiti yake.

Mowa usalowe m'thumba, ndipo amene samwa asapemphe n'komwe, omwawo ndi amene ayenera kuyamba kunena. Makaputeni ambiri saloleza mowa bwato lili pa ulendo, ena amalola chitini chimodzi dzuwa likamalowa. Vuto limabwera pa zoziziritsa kukhosi. Ngati Coke ndi tonic zikugulidwa zosakaniza ndi mowa, ndi za omwawo. Tiyi, khofi, shuga, mkaka ndi juwisi wosungunula ndi za onse. Biltong (nyama yowumitsa) ndi chokoleti ndiye zimadanitsa anthu pa ulonda wa usiku. Konzani bokosi limodzi la olondera, muziikamo za usiku umodzi wokha, zotsalazo zisungidwe kwina. Zanu zapadera zikhale pogona panu, ndipo mukazitulutsa pagulu mwazipereka kwa onse. Kudya wekha biltong anzako akuyang'ana, pamalo oti simungatalikirane mamita awiri, n'kudziputira chidani.

Kumtunda thumba limatsekedwa. Ku lesitilanti aliyense alipire zimene wadya ndi kumwa, ndipo uzani woperekera musanaitanitse kuti mabilu akhale osiyana, chifukwa pogawa mofanana wosamwa amalipirira vinyo wa anzake. Ku South Africa onjezerani 10 mpaka 15 peresenti ya woperekerayo. Pali mwambo wakuti mukafika bwino othandiza amasonkherana n'kugulira kaputeni chakudya chamadzulo. Si lamulo, koma ndi ulemu, ndipo ndalama yake ichoke m'matumba mwanu, osati m'thumba limene iyenso anasonkhamo.

Mpoto wayankha:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Kangotsala kamodzi. Mnyamata winayo akuti akatsikira ku St Helena, pamene enafe mwina tidzakhala pachilumbapo sabata ina tikudyabe za m'bwato. Zikatero timagawa bwanji? Ndiponso eni bwato atchula zoti ndisungitse kwa iwo ndalama ya tikiti ya ndege. Zimenezi n'zachizolowezi?

Nangula wayankha:

Gawani powerengera masiku a munthu aliyense. Tingoyerekeza kuti chakudya chonse chadya R10,800, atatu mwakhala masiku 20 ndipo mnzanuyo masiku 12. Masiku onse pamodzi ndi 72, ndiye tsiku limodzi ndi R150. Atatunu mulipira R3,000 aliyense, iye R1,800. Izi zimagwira ngati kutsika kwake kunadziwika musanagule. Munthu akasintha maganizo mwadzidzidzi chakudya chake chitagulidwa kale, zowola ngati nyama ndi ndiwo zamasamba salandirapo kanthu.

Za tikiti n'zachizolowezi. Kaputeni ndi amene amayankha kwa a imigireshoni za aliyense amene ali pa mndandanda wa bwato, ndipo wothandiza akasowa ndalama yobwererera, mtolowo umagwera iye. Ku St Helena ndege zonyamula anthu zinayamba mu 2017, za kampani ya Airlink zochokera ku Johannesburg, ndipo sizibwera tsiku lililonse, kotero wotsika afunikanso ndalama ya malo ogona podikira. Koma ndalama yosungitsayo isasakanizidwe ndi ya chakudya. Ikhale mu envulopu yomata, musainirane nonse awiri, kapena gulani tikiti yosinthika masiku n'kuwaonetsa. Viza, inshuwalansi ya chipatala yophimba kukutengani pa ndege mukadwala, imene a pachilumbapo amafuna, ndi ndalama yolowera, zonsezo ndi zanu. Ku Jamestown kulibe marina (doko lomangapo mabwato m'mbali mwa mtunda), bwato limatsala pamadzi ndipo kumtunda mumapita pa kabwato kolipiritsa pa mutu. Tengani ma pound a ku Britain a m'manja, amagwira ntchito mofanana ndi ndalama ya pachilumbapo, ndipo musungeko ang'onoang'ono a kabwatoko.